Check engine yayaka pa Honda Fit, akuti ndi EGR: ndigule valavu ina kapena ndingotseka?

Funso lomwe talandira likuti: "Ndili ndi Honda Fit ya 2005, ija ya mapulagi 8, yayenda 190,000 km. Inayamba kuyatsa check engine komanso imadukizadukiza ndikamayenda cha pa 40 mpaka 60, makamaka injini ikatentha. Titayika pa kompyuta inaonetsa P0401, amakaniko anafufuta koma patangotha masiku ochepa nyali ija inayakanso. Pano wina akuti ndigule EGR valve ina, wina akuti tingoyikapo kachitsulo titseke basi. Nditani?"

Achimwene, ndalama yanuyo isungeni kaye m'thumba, valavu musagule pano, komanso zotseka ndi kachitsulozo dikirani kaye mumve. P0401 sikuti ikunena kuti valavu yafa ayi. Ikunena kuti utsi womwe kompyuta imayembekezera kuti udutse mu EGR, njira yobwezera utsi wa ku ekizozi mu injini, ukudutsa wochepa, basi, ndipo pa Fit ya zaka zimenezo yoti yayenda mtunda ngati umenewo nthawi zambiri vuto limakhala mwaye womwe watseka tinjira ta kuseri kwa valavuyo, malo oti anthu ambiri satsegulako nkomwe. Nde mutha kugula valavu yatsopano yonyezimira bwinobwino, kuimanga, sabata isanathe nyali ija nkuyakanso chifukwa njira yake ikadali yotsekeka.

Tiyambe ndi nyaliyo. Mukatembenuza kiyi kufika pa ON injini isanalire, check engine imayenera kuyaka limodzi ndi nyali zina zonse za pa dashibodi, kenako nkuzima injini ikalira. Izi ndikunenera aliyense amene akugula galimoto yoti yayendapo kale, chifukwa pali ogulitsa ena amachotsa babu kapena kumata tepi yakuda kuseri kwa galasi kuti wogula asaone, nde ngati siikuyaka olo pa ON pomwe dziwani kuti wina anagwirako. Ikayaka nkungokhala chiyakire galimoto ikuyenda, kompyuta yasunga khodi ndipo mutha kuyenda mpaka kukafika ku galaja osadandaula kwambiri bola geji ya kutentha ili pamalo pake ndipo nyali ya oyilo siinayake. Koma ikamathwanima, kuyaka kuzima kuyaka kuzima uku injini ikunjenjemera, imeneyo ndi nkhani ina, ndekuti silinda ina siikuwotcha mafuta, petulo wosapsa akupita ku ekizozi komwe akukawotcha catalytic converter, chija chimayeretsa utsi usanatuluke. Pamenepo chotsani phazi, pezani poima.

Zomwe anachita amakaniko anu aja zofufuta khodi, kunena zoona sanakonze kanthu. Kompyuta ya galimoto siiyatsa nyali ikangoona vuto la EGR kamodzi. Ulendo woyamba imangolemba pambali ngati pending, ikadzaonanso vuto lomwelo pa ulendo wotsatira mpomwe imayatsa. Ndi chifukwa chake munayenda masiku angapo muli osangalala kuti zatheka, pomwe iyo imangodikira mpata woti iyesenso kawiri. Choipa china ndi chakuti pofufuta amafufutira limodzi freeze frame, kaja kachithunzi komwe kompyuta imasunga koonetsa liwiro, ma rev, kutentha kwa injini ndi zina pa nthawi yeniyeni yomwe vutolo linaoneka. Ulendo wina akamayika sikana, jambulani ndi foni makhodi onse ndi freeze frame yomwe asanafufute chilichonse. Mwalipira ndinu, musachite manyazi.

Tsopano EGR yo imatani. Mu silinda moto ukatentha kupitirira cha m'ma 1,370°C, nitrogen ndi oxygen za mu mpweya zimaphatikizana nkupanga mpweya woipa wotchedwa NOx womwe umawononga mapapo. Opanga magalimoto ku America anayamba kuyika EGR kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 malamulo a utsi atalimba, ndipo nzeru yake ndi yosavuta, amatapa utsi pang'ono ku ekizozi nkuubwezera ku intake, njira yolowera mpweya mu injini, kuti usakanikirane ndi mpweya watsopano. Utsiwo unapsa kale nde sungapsenso, umangotenga malo ndi kuyamwa kutentha, motowo nkuzizirako. Pa injini ya petulo umakhala cha pakati pa 5 ndi 15 peresenti, pa dizilo umachuluka kuposa apo kutalitali. Chomwe muyenera kugwira apa ndi nthawi yomwe valavuyo imatseguka. Pa petulo imakhala yotseka injini ikakhala yozizira, imakhala yotseka pa idling, imakhalanso yotseka mukaponda mpaka pansi. Imatseguka injini ikatentha inu mukuyenda liwiro limodzimodzi phazi lili pang'ono chabe. Onaninso funso lanu lija, mwati 40 mpaka 60 injini ikatentha. Ndi pomwepo ndendende.

Nanga kompyuta imadziwa bwanji kuti utsi ukudutsa wochepa poti mulibe mita yoyezera utsi? Honda imachita mochenjera. Mukachotsa phazi pa liwiro, tinene mukutsetsereka, kompyuta imadula petulo nkutsegula EGR mwakachetechete kwa kanthawi kochepa uku ikuyang'ana MAP sensa yomwe imayeza mphamvu ya mpweya mu intake. Utsi ukalowa nambala ya MAP imayenera kudumpha. Ikapanda kudumpha mokwanira ndiye P0401 imeneyo. Ndekuti zinthu zoti zingabweretse khodi imeneyi ndi zingapo, valavu yosatseguka, tinjira totsekeka, kabowo ka MAP sensa kodzaza ndi litsiro, olo sensayo kufooka. Makampani ena amayeza mwanjira zawo, ma Ford akale ali ndi sensa yotchedwa DPFE yokhala ndi timapaipi tiwiri ndipo kawirikawiri imafa ndi iyoyo valavu ili bwinobwino, ma Toyota ndi ma Nissan ena akale ankayeza kutentha kwa njira ya utsiyo, pomwe ma dizilo ambiri amaonera pa MAF, sensa yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa mu injini, kuti mpweya watsopano watsika bwanji valavu itatseguka.

Makhodi apachibale ake muwadziwenso chifukwa amatha kubwera limodzi. P0402 ndekuti utsi ukudutsa wambiri, nthawi zambiri kachidutswa ka mwaye kakola pakamwa pa valavu nde siikutsekeka, galimoto yotero imanjenjemera pa idling, imazima pa ma robot kapena pa roundabout, pena kuvuta kulira. P0403 ndi za magetsi, waya, pulagi yolumikizira kapena koyilo ya mkati mwa valavu. P0404 ndekuti kompyuta yalamula valavu itseguke mwakuti koma sensa ya pamwamba pake ikunena zina. P0405 ndi P0406 ndi sensa yomweyo kuwerenga pansi kwambiri kapena pamwamba kwambiri. Mukanandiuza kuti yatulutsa P0404 kapena P0406 bwenzi ndikukayikira valavu yeniyeniyo msanga. Koma P0401 yokha, maso anga amathamangira ku tinjira.

Pa injini yanuyo, L13A, utsi ukachoka pa valavu umalowa mu kangalande kopita ku intake, kenako umagawikana kulowera ku silinda iliyonse kudzera pa kabowo kakekake. Timabowo timeneti ndi tating'ono ndipo sititsekeka tonse tsiku limodzi. Timayamba tiwiri kapena titatu kutsekeka, kotsalako nkumalandira utsi wonse womwe umayenera kugawidwa panayi, nde silinda imeneyo imatsamwa valavu ikangotseguka, moto umakanika kugwira bwino, inu nkumamva galimoto ikudukiza ngati wina akukoka kumbuyo nkusiya. Vuto lina lodziwika pa ma Fit amenewa ndi sensa ya mkati mwa valavu, ili ndi kanjira komwe kachitsulo kamakhula valavu ikamakwera ndi kutsika, pakapita zaka pamaperepeseka pamalo amodzi omwe imakonda kukhala, kompyuta nkumalandira nambala zodumphadumpha, iyonso nkumatsegula kutseka kutsegula kutseka. Zonse ziwirizi kwa woyendetsa zimamveka chimodzimodzi.

Pali kayesedwe kosafuna ndalama komwe mungachite nokha Loweruka m'mawa. Injini ili yozima, zulani pulagi ya mawaya ya pamwamba pa EGR valve, ili pa mutu wa injini, yozungulira ngati kachitini, yomangidwa ndi manati awiri. Ikazulidwa sipuling'i imaisunga yotseka. Lizani galimoto, check engine iyaka ndipo ilemba khodi ina ya magetsi, zimenezo musadabwe nazo, yendani msewu womwe imakonda kudukiza uja injini itatentha. Kudukiza kukasiya ndekuti kumabwera pa nthawi yomwe EGR ikugwira ntchito. Koma apa samalani, sizikutanthauza kuti valavu ndi yakufa. Mpweya wosakanikirana ndi utsi umavuta kuyatsa, nde pulagi yotha kapena koyilo yofooka imatha kumagwira bwino EGR ili yotseka nkumalephera ikangotseguka. Kayesedwe kameneka kamangokuuzani mbali yoti muyang'ane. Mukamaliza bwezeretsani pulagiyo, osati kuisiya chizulire mpaka chaka.

Kwa amakaniko oti ali ndi sikana yabwino, monga ma Launch kapena Autel aja, pali active test. Injini itatentha ili pa idling, amalamula valavu kuti itseguke. Ngati njira ili yotseguka injini imayenera kutsamwa nthawi yomweyo, kunjenjemera mwinanso kuzima kumene. Valavu ikatseguka, sikana nkuonetsa kuti yakweradi, koma injini osasintha kalikonse, mwaupeza mlandu, njira ndi yotsekeka ndipo valavu ilibe chifukwa. Ayang'anenso nambala ya sensa ya valavuyo, imalandira 5 volts kuchokera ku kompyuta, ikakhala yotseka imabweza cha pa 1 volt ndipo imayenera kukwera mosalala valavu ikamatseguka. Ikamalumpha kapena kugwa mwadzidzidzi pakatikati, apo nde inde, gulani valavu. Zolumikiza valavu ku batire mwachindunji ndi mawaya awiri sindimalimbikitsa kwa munthu woti sakudziwa ma pin ake, mukaphonya nkupatsa sensa 12 volts mwaiwotcha, ndipo mavalavu a magalimoto ena ali ndi stepper motor yoti siiyesedwa choncho.

Kutsuka kwake nkumene pali ntchito yeniyeni nde ndifotokoze mofatsa. Injini ikhale yozizira. Gulani carb cleaner, gasiketi ya EGR yatsopano, komanso ma gasiketi a intake ngati akupezeka chifukwa akalewo amatha kuphwanyika pochotsa. Masulani manati awiri aja, ngati achita dzimbiri athireni mafuta ofewetsa dzimbiri muwasiye kaye, osakakamiza, stud ikathyokera mu mutu wa injini ntchito ya ola limodzi imasanduka ya masiku. Mukaichotsa valavu itembenuzeni muone kunsi kwake, muona mabowo awiri ndi kamutu kachitsulo kotsekera, zonse zakuda bii. Kankhani kamutuko ndi chala kapena sikuludiraiva mosamala, kamayenera kuyenda mosakakamira nkubwerera kokha. Potsuka gwirani valavu mbali ya magetsi ili m'mwamba kuti mankhwalawo azitsikira pansi, asalowe ku koyilo ndi ku sensa, ndipo zoinyika yonse mu beseni la petulo usiku wonse zija ayi, mavalavu ambiri amafera pamenepo. Mswachi wakale umakwana. Mukamaliza mutha kuona ngati ikutseka bwino pothira timadontho ta mankhwalawo mbali imodzi ya kamutu kaja nkuona ngati tikudutsira mbali inayo.

Anthu ambiri amathera pomwepa, kumanga valavu yoyera nkumati tatsuka EGR. Ayi ndithu, mwatsuka chitseko chokha. Pamafunika kuchotsa mbali ya intake kuti mufike pa chitsulo chomwe chili ndi ngalande ya utsi ija, mukachitsegula mupeza mwaye wouma gwa ngati makala a mbaula, pena timabowo tina osaoneka nkomwe kuti panali bowo. Musanayambe kupala tsekani makomo olowera mu injini ndi nsanza zoyera, ziwerengeni kuti zonse zidzatuluke pomanga, chifukwa chidutswa cholimba chikagwera mkati chimakakola pa valavu ya injini. Palani ndi kasikuludiraiva kakang'ono, boolani kabowo kalikonse ndi waya kapena kabiti ka drill kopotokola ndi zala osati ndi makina, aluminiyamu ndi yofewa mungakulitse bowo. Pa ngalande zokhota waya wa buleki ya njinga amathandiza kwambiri, mumaumasula kumapeto kuti uchite ngati burashi nkumaupotokola mkatimo. Kenako carb cleaner, kenako mpweya wa kompresa, mpaka muone kuti mankhwala akutulukira pa bowo lililonse mofanana. Muli pompo tsukani throttle body, muonenso PCV valve chifukwa ndi yomwe imabweretsa nthunzi ya oyilo mu intake yomwe imamata mwayewo, ndipo kabowo ka MAP sensa kapopereni pang'ono patali osalowetsamo waya.

Ikapezeka kuti valavu ndi yakufadi, ine ndimakonda yeniyeni ya Honda olo ikhale yochotsa pa injini ina yabwino kusiyana ndi zatsopano zotchipa zopanda dzina zija, zambiri sensa yake siiwerenga mofanana ndi yeniyeni nde mumangosinthanitsa P0401 ndi P0404. Kaya mukasaka ku Biwi kaya ku Limbe, tengani yakaleyo m'manja mukafananize nambala ndi pulagi yake, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa kuti ikakana mubweza.

Musaiwale mapulagi. Injini ya i-DSI ili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse ndi makoyilo 8, anayi kutsogolo anayi kumbuyo. Akumbuyo aja ndi ovuta kufikira nde pa sevisi anthu ambiri amasintha anayi akutsogolo okha, ena sadziwa nkomwe kuti kumbuyo kulinso ena, ndipo galimoto imatha kufika 190,000 km akumbuyowo ali omwe inabwera nawo kuchokera ku Japan. Achotseni onse muwaone. Injini imeneyinso mpata wa mavalavu ake umachunidwa pamanja, siidzichuna yokha, nde ngati sanayambe akhudzapo chibwerereni auzeni ayeze, mpata ukasokonekera MAP imawerenga zolakwika ndipo idling imavuta. Chinanso chomwe chimasokoneza anthu pa Fit ndi giyabokosi ya CVT. Iyo kunjenjemera kwake kumabwera ponyamuka, galimoto ikuchoka poima kufika cha pa 20, ndipo nthawi zambiri ndi start clutch ndi oyilo wotha kapena wolakwika, imafuna oyilo wake wa CVT wa Honda osati ATF wamba. Kwanuko kukubwera galimoto ili kale pa liwiro nde sindikuganiza kuti ndi giyabokosi, munthu asakuuzeni zotsitsa giyabokosi EGR ndi mapulagi zisanaonedwe.

Tibwere kwa mnzanu wa kachitsulo uja. Sindinganame, mukatseka kudukiza kutha kusiyadi tsiku lomwelo ndipo nchifukwa chake njirayi imatchuka. Koma ganizani, kompyuta ikudandaula kuti utsi ukudutsa wochepa, inu nkukatsekeratu, ndekuti P0401 yakhazikika mpaka kalekale ndipo nyali izingoyaka. Tsiku lomwe kudzabwere vuto lina lenileni, sensa ya kutentha kaya koyilo, simudzadziwa chifukwa maso anazolowera kale nyali yachikasuyo. Kachiwiri, kompyuta ya injini ya petulo imasunthira moto patsogolo pa nthawi yomwe ikudziwa kuti EGR yatseguka, chifukwa mpweya wosakaniza ndi utsi umapsa mochedwa. Utsi ukapanda kubwera moto uja umakhala wafulumira, injini imayamba kulira ngati timiyala m'chitini mukamakwera mtunda, knock sensa yomwe imamva kulira kumeneko nkumabwezetsa moto m'mbuyo kuti iteteze ma piston, mapeto ake mphamvu yomwe mumati mupeza simuipeza ndipo petulo amatha kukwerako pang'ono. Ndi mtengo wa mafuta wa masiku anowu sindikuona phindu lake. Utsi woipawo nawonso timapuma ndife tomwe pa mzere wa magalimoto m'tauni. Kwa abale omwe ali ku UK nkhani yake ndi yachidule, kuyambira May 2018 check engine yoyaka imagwetsa galimoto pa MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera pa msewu, ngati ili ya zaka zomwe lamulolo limakhudza. Kachitsulo ine ndimakagwiritsa ntchito poyesa pokha, ngati ndikukayikira kuti valavu ikudontha utsi pa idling, ndikatsimikiza nkukachotsa.

Poti funso lotere limabweranso kwa eni magalimoto akale kuposa Fit, ndiwonjezere izi. Ku America OBD2, njira yofanana yowerengera makhodi a galimoto ndi sikana, inakhala lamulo mu 1996, ku Ulaya inayamba ndi a petulo mu 2001 a dizilo nkutsatira pambuyo, koma magalimoto opangidwira msika wa ku Japan komweko, omwe ndi ambiri mwa omwe timayenderawa, ochuluka a zaka za 2008 isanafike ali ndi soketi ya ma pin 16 koma salankhula ndi kasikana ka ELM327 kotchipa ka Bluetooth kaja. Kakakana kulumikiza musathamangire kunena kuti kompyuta ya galimoto yapsa. Akale kwambiri safuna sikana nkomwe. Pa Toyota za m'ma 1990, ma Corolla, Carina, Corona aja, mu boneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, mumalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya, kiyi pa ON, nkuwerenga kuthwanima kwa check engine. Ikathwanima kasanu ndi kawiri, kupuma, kenako kamodzi, imeneyo ndi 71, ya EGR. Ikamangothwanima mofanana osapuma ndekuti mulibe khodi. Pa Honda zakale pali kapulagi ka ma pin awiri kobisika kunsi kwa dashibodi, kuthwanima kotalika ndi makumi kwakufupi ndi imodziimodzi, 12 ndi ya valavu ya EGR ndi sensa yake, 80 ndi utsi wochepa. Onetsetsani ma pin musanalumikize, m'kabokosimo mulinso ya moto wa batire.

Ma Toyota akale omwe ali ndi EGR, poti si onse, valavu yake imakokedwa ndi vacuum osati magetsi, nde pamakhala zinthu zitatu, valavu, ka modulator kooneka ngati kambale kokhala ndi kasefa mkati, ndi VSV yomwe ndi swichi yamagetsi yotsegula ndi kutseka vacuum. Kuyesa kwake nkosavuta, injini ili pa idling vulani kapaipi ka pa valavu, lumikizani kapaipi kena koyera nkukoka mpweya ndi kapampu ka m'manja, injini ikatsamwa ndekuti valavu ndi njira zili bwino, kasakeni vuto ku VSV, ku modulator kapena ku timapaipi tomwe timauma nkung'aluka ndi kutentha. VSV imavuta kuigwira chifukwa imatha kugwira ikazizira nkufa ikatentha. Mufunsenso ngati catalytic converter ikadalipo, paja ena amachotsa nkugulitsa, ka modulator kamadalira kukankha kwa utsi mu ekizozi nde ekizozi ikakhala yapululu kapena yobooka EGR siitseguka mmene imayenera.

A ma dizilo, ma Hilux D-4D a 2KD ndi 1KD, ma Hiace, ma Navara a YD25, kwanu mwaye sukhala wouma, umasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo nkukhala chiphalaphala chomata chomwe chimachepetsa intake mpaka kutsala kanjira kolowa chala. Galimoto imafooka pa mtunda, utsi wakuda, mafuta kumwa. Dizilo imatsegula EGR olo pa idling nde minibasi yongolira pa siteji kudikira anthu imadzaza msanga, kuwonjezera apo dizilo wa m'zigubu wosadziwika komwe wachokera, ma injector otha ndi air filter yodzaza fumbi. Ambiri alinso ndi EGR cooler yoziziritsa utsi ndi madzi a injini, ikabooka mkati madzi amatha osaoneka podontha, utsi woyera kumbuyo, anthu nkuthamangira kutsegula mutu wa injini kuti gasiketi yapsa. Yesani cooler kaye. Eni ma Prius a 2009 mpaka 2015 nawonso cooler yawo imatsekeka ndi mwaye, musadikire nyali, itsukeni ikamayandikira mtunda ngati wa Fit ya achimwenewa.

Kubwerera ku yanu, mukamanga zonse fufutani makhodi, lizani injini itenthe mpaka fani izungulire, muisiye pa idling mphindi 10 nyali, wailesi ndi AC zili zozima kuti kompyuta iphunzirenso idling poti mwatsuka throttle. Kenako musangoweruza ndi ulendo wochoka ku galaja kufika kunyumba. Pamafunika msewu wotakasuka, kufika cha pa 80, kuchotsa phazi kwa masekondi angapo osaponda buleki, kangapo ndithu, ndipo muchite zimenezi pa maulendo awiri osiyana injini itazimitsidwa pakati, chifukwa mpomwe kompyuta imayesa EGR. Mukatero bwererani pa sikana muone ngati pa pending palibe kanthu. Ngati simunafufute, nyali imazima yokha pakatha maulendo atatu otsatizana omwe mayeso adutsa bwino. P0401 ikabweranso tinjira tonse tili toyera ndipo valavu ikutseguka, chotsatira ndi kuyeza MAP sensa ndi mawaya ake komanso njira ya utsi yochoka ku ekizozi kudzafika pansi pa valavu, imeneyonso imatsekeka ngakhale si kawirikawiri. Mukatero mundilemberenso ndi chithunzi cha freeze frame ndi nambala zomwe MAP ikuwerenga kiyi ali pa ON komanso pa idling.